Kusaka Mustang Mach 1 ya 1969: mmene ntchito ikuyendera

Januwale

Ndayamba kulemba pano kuti anzanga amene akhala akundifunsa pa WhatsApp azingowerenga okha, ndisamabwereze nkhani imodzi kwa aliyense. Galimoto imene ndikusaka ndi Ford Mustang Mach 1 ya 1969, ija ya denga lotsetsereka mpaka kumbuyo imene a Ford ankaitcha SportsRoof. Mwa Mustang zonse za 1964 mpaka 1973, ya 1969 yokha ndiyo ili ndi nyali zinayi kutsogolo, ndipo maso anga anakodwa pamenepo kalekale. Boneti lake ndi lakuda losawala, lomangidwa ndi timapini tiwiri, mipando yake ndi yamsana wautali.

Chaka chimenecho a Ford anapanga ma Mach 1 okwana 72,458, choncho si galimoto yosowa. Yosowa ndi imene dzimbiri silinaidye. Kuno ku Indiana, ku America, nyengo yachisanu amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo galimoto imene yayenda pa mchere kwa zaka zambiri imaola kuyambira pansi, penti ili phuliphuli pamwamba.

Koma nkhani imene ikundisowetsa tulo ndi ya injini. Mach 1 ya 1969 inkatuluka ndi injini ya V8 basi (ya masilinda 8), koma ma V8 ake anali angapo. Yotsika kwambiri inali 351 Windsor ya kabureta wa mabowo awiri, ya 250 hp (horsepower, muyeso wa mphamvu ya injini). Pamwamba pake panali 351 yomweyo ya kabureta wa mabowo anayi, ya 290 hp. Kenako 390 ya 320 hp, ndipo pamutu pa zonse 428 Cobra Jet ya 335 hp. Manambala 351, 390 ndi 428 ndi kukula kwa injini m'ma cubic inch. Kwa ife ozolowera malita, ndi 5.8, 6.4 ndi 7.0. Nditawauza alamu anga a ku Lilongwe pa foni, anaseka mpaka kutsokomola: "Alamu, malita 7 ndi injini ya lole imeneyo. Mukufuna muzikanyamula chimanga ku Mchinji?" Sanalakwitse kwenikweni. 390 ija a Ford ankaiikanso m'mapikapu awo.

Mtima ukufuna 428. Thumba silinayankhe.

Febuluwale

Kunja kukuzizira moti sindingapite kukaona galimoto iliyonse, ndiye mwezi uno ndakhala ndikuphunzira kuwerenga manambala. Pa Mustang ya 1969 nambala ya galimoto, VIN, ili pa kachitsulo kamene kamaonekera pa galasi lakutsogolo mbali ya dalaivala. Ili ndi zilembo 11. Choyamba ndi 9, kutanthauza chaka. Chachiwiri ndi fakitale: F ndi Dearborn ku Michigan, R ndi San Jose ku California, T ndi Metuchen ku New Jersey. Kenako 02, kusonyeza kuti ndi ya denga lotsetsereka. Chilembo chachisanu ndiye pagona ndalama, chifukwa chimanena injini imene galimotoyo inabadwa nayo: H ndi 351 ya mabowo awiri, M ndi 351 ya mabowo anayi, S ndi 390, Q ndi 428 Cobra Jet, ndipo R ndi 428 yomweyo koma yokhala ndi kachipewa kotulukira pa boneti kokokera mpweya wozizira wakunja. Kachipewako kamamangidwa pa injini penipeni, osati pa boneti, ndiye injini ikamalira kamanjenjemera. N'chifukwa chake amakatcha Shaker.

VIN payokha siinena kuti galimotoyo ndi Mach 1. Chimenecho chili pa kachitsulo kena ka pachitseko cha dalaivala, pamene payenera kulembedwa 63C. Vuto n'lakuti chitseko chimasinthika, ndipo timazitsulo tatsopano totere timagulitsidwa. Pofuna kutsimikiza, anthu amagula pepala lotchedwa Marti Report. Kampani ya Marti Auto Works ya ku Arizona ili ndi chilolezo chogwiritsa ntchito kaundula wa Ford wa magalimoto oyambira 1967, ndipo ukawapatsa VIN amakutumizira zonse: mtundu wa penti, injini, giyabokosi, zowonjezera zimene wogula woyamba anasankha, ndi sitolo imene inaigulitsa. Ndadziikira lamulo lakuti popanda pepala limeneli sinditulutsa ndalama.

Marichi

Ndakaona galimoto yoyamba, kwa bambo wina chakummwera kwa Michigan. Pa intaneti analemba kuti ili ndi 428. Penti yofiira yatsopano, kachipewa ka Shaker kali pamenepo, zilembo za Cobra Jet zili mbee. Nditasuzumira pa galasi, chilembo chachisanu chinali H. Nditawafunsa, anati mwini wake wakale ndiye anasintha injini, koma injiniyo ndi 428 yeniyeni.

Kusintha injini si mlandu. Galimoto za zaka zoposa 50 zambiri zinaphulitsa injini zawo zoyamba anyamata akuthamangitsana m'misewu. Koma mtengo umene bamboyu ankatchula unali wa galimoto yobadwa ndi 428, pamene iyi inabadwa ndi injini yotsikitsitsa. Ndipo 428 ndi 390 ndi za banja limodzi, lotchedwa FE, moti kunja kwake n'zovuta kuzisiyanitsa. Ndinapita ndi makaniko wanga, mkulu wina wopuma pantchito amene manja ake anakulira mu ma Ford. Iye anamasula pulagi imodzi, n'kulowetsa kamtengo kowongoka m'bowomo, ine ndikupukusa injini ndi sipanala pang'onopang'ono. Anaika chizindikiro pisitoni ili pansi penipeni, chinanso ili pamwamba, n'kuyeza. Pisitoni ya 428 imayenda mainchi 3.98, ya 390 imayenda 3.78. Kamtengo kanaloza ku 390. Sitinakangane nawo bamboyo; mwina nawonso anauzidwa chomwecho pogula. Tinathokoza n'kunyamuka.

Pobwerera makaniko anandiuza zina zimene galimoto yobadwa ndi Cobra Jet imakhala nazo, zimene wonamizira amaziiwala. Zipupa za m'chipinda cha injini zimene zimagwira mashoko akutsogolo zimakhala zolimbitsidwa ndi zitsulo zowonjezera. Ikakhala ya magiya anayi apamanja, mashoko akumbuyo sakhala ofanana: lina limakhala kutsogolo kwa ekiselo, lina kumbuyo, kuti matayala asamadumphe ponyamuka mwaukali.

Chinanso chimene ndinachiona ndi maso anga: pansi pa kapeti mbali ya dalaivala panali ponyowa. Madzi amenewo amachokera ku mphako ili m'munsi mwa galasi lakutsogolo, kumene mpweya umalowera. Masamba akaunjikana mmenemo chitsulo chimaola mkati, ndipo kuti ukonze umafunika kuchotsa galasi, kuboola malo onse owotcherera, n'kutsegula mphakoyo. Kuyeza kwake n'kosavuta: thira botolo la madzi pa timabowo ta kunja, suzumira pansi pa dashibodi. Pa galimoto yofiirayi madzi anatsika ngati palibe chotchinga.

Epulo

Mwezi uno sindinaone galimoto iliyonse, koma ndi umene wandisinthira maganizo. Ndinakhala pansi ndi makaniko m'galaja mwake n'kuyamba kudutsa injini imodzi imodzi, osati mmene zimamvekera m'magazini koma mmene zimakhalira ukakhala nazo.

Mbiri ya 428 Cobra Jet ndi yokoma, palibe wotsutsa. Inayambira kwa Bob Tasca, wogulitsa ma Ford ku Rhode Island, amene ankadandaula kuti Mustang ya 390 ikusiyidwa ndi ma Chevrolet ndi ma Pontiac. Anthu ake anasakaniza zipangizo zimene Ford inali nazo kale pa 428, galimoto n'kuyamba kuuluka, ndipo a Ford anatengera nzeruyo. Kumayambiriro kwa 1968 ma Mustang a Cobra Jet anakapambana pa mpikisano wa Winternationals ku Pomona, ndipo m'Epulo chaka chomwecho injiniyi inayamba kugulitsidwa kwa anthu wamba. Imamwera mafuta pa kabureta wa Holley wa 735 cfm (muyeso wa mpweya wodutsamo pa mphindi), ndipo mphamvu yake yopotokola, torque, ndi 440 lb-ft. Ambiri amakhulupirira kuti 335 hp ija a Ford anaichepetsa dala, kuti makampani a inshuwalansi asaope komanso kuti galimoto ilowe m'gulu lopepuka pa mipikisano. Wogula akasankha zowonjezera za mpikisano zotchedwa Drag Pack, ndi magiya akumbuyo a 3.91 kapena 4.30, ankalandira Super Cobra Jet, yolimbitsidwa mkati ndiponso yokhala ndi choziziritsira oyilo.

Tsopano tsegula boneti. Chipinda cha injini cha Mustang n'chopanikizika chifukwa cha zipupa za mashoko zija, ndipo FE ikalowa imadzaza mpaka kukhudza. Makaniko akuti posintha mapulagi pa 428 ena amamasula zomangira injini n'kuikweza pang'ono ndi jeke kuti dzanja lifike. Kutentha kumaunjikana mmenemo, ndipo tsiku lotentha ukazimitsa pa sitolo, poyatsanso imatha kuvuta chifukwa petulo wawira mu kabureta. Kulemera kwake konse kuli kutsogolo, moti pa msewu wowongoka ndi mfumu koma pakona imafuna kupitirira. Zipangizo zake zenizeni, monga kabureta ndi mitu ya injini ya manambala oyenera, zimagulidwa pa mtengo wa osunga zinthu zakale, osati wa oyendetsa.

390 ndinkaiona ngati njira yapakati, koma pakati pake mpoipa. Ili ndi kulemera ndi kupanikizika konse kwa 428, popanda ulemu wake. Imaposa 351 ya mabowo anayi ndi 30 hp yokha. Torque yake ya 427 lb-ft ndi yosangalatsa ponyamuka, ndipo chifukwa 1969 ndi chaka chake chomaliza mu Mustang, pali anthu amene amaisaka dala. Ine si mmodzi wa iwo.

351 Windsor, yotchedwa dzina la mzinda wa Windsor ku Ontario kumene inkapangidwa, inali yatsopano m'1969. Ndi yopepuka, imasiya malo oti munthu alowetse mkono mbali zonse, ndipo a Ford anapitiriza kuipanga mpaka m'zaka za m'ma 1990 m'mapikapu ndi m'mavani. Choncho pampu ya madzi, magasiketi, mabering'i, zonse zili pa shelefu m'sitolo ya masipeyala ya pakona. Ya chilembo M ili ndi torque ya 385 lb-ft. Anthu ena amaisokoneza ndi 351 Cleveland, imene inalowa mu Mustang m'1970 ndi 300 hp. Kukula n'kofanana koma ndi injini ina. Kuzisiyanitsa mwachangu werenga mabawuti a chivundikiro cha mavavu: Windsor ali 6, Cleveland ali 8, FE ali 5.

Manambala onsewa a hp ayenera kuwerengedwa mosamala. Isanafike 1972, makampani a ku America ankayeza injini ili pa benchi, yopanda zosefera mpweya, yopanda ekizozi yonse, yopanda zokoka lamba. Atasintha kayezedwe manambala anagwa kwambiri. Toyota Camry ya V6 ya 2018 ili ndi 301 hp ya kayezedwe katsopano, ndiye kuti galimoto yopitira kutchalitchi ikhoza kuisiya 351 yanga pa maloboti popanda dalaivala wake kudziwa kuti panali mpikisano. Amene akugula galimoto ya 1969 pofuna liwiro wasochera. Chimene ukugula ndi kulira kwake, kugwedezeka kwa chiwongolero, ndi mmene imakukankhira mu mpando injini isanakwere n'komwe. Zimenezo 351 ili nazo zokwanira.

Makaniko anamaliza ndi funso: ukufuna galimoto yoti uziyendetsa Loweruka kapena yoti uziipukuta? Ndalama zimene ndili nazo zingagule 428 yoola pansi, imene ingakhale pa majeke zaka zambiri, kapena 351 ya thupi lolimba imene ndingaiyatse chilimwe chomwechino. Ndasankha M.

Meyi

Ndinapita ku okushoni ya Mecum ku Indianapolis, imene imachitikira pa Indiana State Fairgrounds, kukaona chabe. Ndi malo abwino ophunzirira chifukwa umaona ma Mach 1 angapo tsiku limodzi n'kuyerekeza. Ma Mach 1 a chilembo R oyera mapepala amapita pa mitengo imene ine sindingailote. Pa mtengo umene nyundo yagunda amawonjezeraponso ndalama ya okushoni, ndipo sakulola kuiyendetsa musanagule. Panalinso Boss 429 imodzi, ya chilembo Z, ija injini yake inali yaikulu moti a Ford ankatumiza magalimoto ku Kar Kraft ku Brighton, Michigan, kuti akakulitse chipinda cha injini ndi manja. Ndinaijambula n'kupitirira.

Juni

Yapezeka. Ili ku Arizona, kwa mayi wina amene amuna awo anamwalira n'kusiya galimoto m'galaja. VIN ikuyamba ndi 9R02M: San Jose, denga lotsetsereka, 351 ya mabowo anayi. Marti Report yatsimikiza kuti inabadwa ili Mach 1, ya mtundu wa Acapulco Blue, giyabokosi ya Ford yotchedwa Toploader ya magiya anayi apamanja, ndi mabuleki a disiki kutsogolo. Mabuleki amenewa sanali a galimoto iliyonse. Wogula ankachita kuwasankha, ndipo ambiri ankangotenga a dramu mawilo onse.

Ndinalipira munthu wa komweko woyendera magalimoto akale kuti akaikweze n'kujambula pansi ponse. Malo amene ndinamulembera ndi awa: mabokosi achitsulo amene amalumikiza pansi pa galimoto ndi nthiti zakutsogolo, pansi pa mipando, nthiti zakumbuyo, m'makona a buti, ndi mphako ya pansi pa galasi ija. Mustang ilibe chesisi chapadera, thupi lenilenilo ndilo chesisi, ndiye malo amenewa akaola galimoto yonse imapindika ndipo zitseko zimasiya kutsekeka bwino. Zithunzi zinabwera zosonyeza chitsulo chouma cha fumbi. Dzimbiri lilipo pang'ono pansi pa batire, kumene asidi ankadontha, ndi kachibowo kamodzi m'kona ya buti.

Dzuwa la ku Arizona lili ndi mtengo wake. Dashibodi yang'ambika, mipando yauma, mphira zonse za m'zitseko ndi m'magalasi zikufumbutuka ukazigwira, penti ya padenga yapsa. Zonsezi zimagulidwa zatsopano, ndipo n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kuwotcherera pansi patsopano.

Nambala imene inadindidwa kumbuyo kwa injini ikugwirizana ndi VIN, ndiye kuti ndi injini yake yoyamba. Kabureta si wake. Woyamba anali Autolite 4300, amene anthu ambiri ankamuchotsa chifukwa chovuta kumutchuna. Pano pali Holley. Sindidandaula.

Amayi akunyumba atawona zithunzi anangofunsa funso limodzi: "Bambo a ana, ndiye yanga izigona panja?" Tagwirizana kuti yanga ya kuntchito ndiyo izigona panja.

Julayi

Yafika pa lole yotsekedwa. Poitsitsa inalira kamodzi kokha n'kuzima, kenako inagwira. Za mapepala zinayenda bwino: popeza inachokera ku dera lina, VIN inayenera kuonedwa ndi maso ndi wovomerezeka ndisanapite ku BMV, ofesi yolembetsa magalimoto ya kuno, ndipo msonkho wogulira kuno ndi 7 peresenti. Inshuwalansi ndatenga ya magalimoto akale, imene mumagwirizana mtengo wa galimoto pasadakhale. Amafuna kuti izigona m'galaja yokhoma ndiponso kuti ukhale ndi galimoto ina yoyendera tsiku ndi tsiku.

Sindinaiyendetse kupitirira pa msewu wa kwathu. Matayala ali ndi mapanga abwino koma ndi akale kwambiri, ndipo mapaipi a mphira a mabuleki ndi otupa.

Ogasiti

Mwezi wa manja akuda. Tinayamba ndi zoimitsa tisanakhudze zothamangitsa: matayala anayi atsopano, mapaipi onse a mabuleki, masilinda a mawilo akumbuyo, ndi mafuta a mabuleki. Kenako thanki ya petulo. Pa Mustang imeneyi pamwamba pa thanki ndi pomwe pali pansi pa buti, ndiye kuichotsa n'kosavuta, umangomasula mabawuti n'kuinyamula. Mkati munali utomoni wa petulo wakale, ndaika yatsopano. Mapaipi a mphira a mafuta tasinthanso onse, chifukwa petulo wa masiku ano kuno amasakaniza ndi ethanol, kawirikawiri 10 peresenti, ndipo ameneyu amadya mphira zakale.

Tinayeza kompuresheni ya masilinda onse 8. Ali pafupipafupi, kupatula imodzi yakumbuyo imene yatsikirako pang'ono koma osati mochititsa mantha. Makaniko akuti tisatsegule injini, tiyendetse kaye tione.

Apa ndi pamene chilembo M chikulipiritsa. Kompuresheni ya injini imeneyi ndi 10.7:1, pamene ya H ndi 9.5:1. Inapangidwira petulo wa mtovu wa nthawi imeneyo, amene analetsedwa kotheratu pa magalimoto a mumsewu ku America m'1996. Ndi petulo wamba wa octane 87 (nambala yosonyeza kupirira kwa petulo asanaphulike yekha) singayende bwino; ngakhale ndi 93, amene ndi wapamwamba pa mapampu a kuno, inkagogoda pokwera mtunda ndili pa giya yachinayi. Kugogoda kumeneko ndi mafuta akuphulika nthawi isanakwane, ndipo kukapitirira kumaboola pisitoni. Tinabweza taimingi pang'ono, tinasintha timasipuling'i ta mu distributor kuti moto usamafulumire, ndipo kwasiya. Mphamvu yatsikako pang'ono. Kunena zoona, munthu amene akufuna kungoyenda mosavutika, H ndi injini yanzeru kuposa M, ndipo akhoza kuiika kabureta wa mabowo anayi tsiku lililonse. 428 ili pa 10.6:1, ndiye vuto lomweli ndikanakumana nalo, pa mafuta ochuluka.

Oyilo ndikugwiritsa ntchito wokhala ndi zinc wambiri. Kamushafuti ya injini zakalezi imakhuzana ndi zokankha mavavu chitsulo pa chitsulo, popanda timawilo, ndipo oyilo wa magalimoto atsopano anamuchepetsa zinc kuti asawononge zosefera utsi.

Mapulagi onse 8 ndinasintha ndekha nditaimirira, ndi sipanala wamba, khofi asanazizire. Ndinamuimbira makaniko kungomuuza zimenezo.

Seputembala

Ulendo woyamba wautali, kulowera ku nyanja ya Michigan ndi kubwerera. Kilachi ndi yolemera, chiwongolero chili ndi mpata pakati, ndipo pa msewu waukulu injini imalira pamwamba chifukwa palibe giya yachisanu. Kuyambira pa giya yachiwiri imakoka mosalekeza, mutu wa galimoto n'kudzuka pang'ono. Singano ya kutentha inakwera titaima pa mzere wa magalimoto, ndiye radiyeta ikufunika kuonedwa. Petulo imamwa, ndipo ndasiya kuwerengera.

Pamalo omwetsera mafuta mkulu wina anabwera, n'kusuzumira pa galasi kuwerenga VIN asanandipatse n'komwe moni. Ataona M anagwedeza mutu n'kunena kuti iye anali ndi ya 428 ali mnyamata, ndipo anaigulitsa m'1974 mafuta atakwera mtengo. Anafunsa ngati ndidzaikemo injini yaikulu. Ndinamuuza kuti ayi.

Novembala

Mchere wayamba kuthiridwa, ndiye galimoto yalowa m'galaja mpaka Epulo. Thanki ndadzaza n'kuthiramo mankhwala oletsa petulo kuwonongeka, batire ili pa chaja chaching'ono, ndipo m'mapaipi a ekizozi ndatsekamo kuti mbewa zisamange.

Ntchito za m'chisanu ndi izi. Radiyeta ipite kokatsukidwa, ndipo ikapezeka yotsekeka kwambiri ndigula ya mizere itatu. Bokosi la chiwongolero lichotsedwe likamangidwenso. Chitsulo cha pansi pa batire ndi kona ya buti tiziwotcherera mu Januwale, makaniko akapeza mpata. Dashibodi ndi mphira za zitseko ndaitanitsa kale. Silinda yotsika ija tidzaiyezanso injini itayenda chilimwe chathunthu. Ikatsikabe, tidzachotsa mitu yonse iwiri n'kuikamo mipando yolimba ya mavavu yoyenera petulo wopanda mtovu. Penti idikire chaka china. Funso limene sindinaliyankhe ndi la giyabokosi: kuika ya magiya asanu kuti izipuma pa msewu waukulu, kapena kusiya Toploader imene ili ndi nambala ya galimotoyi. Pakadali pano Toploader ikhala.